Ampu yanga ya mavalavu ikumangodula sound pakati pa show, thandizeni

Wamanzere: Moni nonse pa gulu pano. Ndili ndi vuto landisowetsa mtendere ndipo dzulo landichititsa manyazi koopsa. Ampu yanga ya gitala ndi combo (ampu ndi sipika m'bokosi limodzi) ya mavalavu, mababu agalasi okuza sound aja, 50 watts, ili ndi mavalavu akuluakulu awiri a EL34 ndi ang'onoang'ono atatu a 12AX7, sipika imodzi ya 12 inch. Kunyumba imalira bwinobwino, nditha kuimba maola awiri osavuta, koma tikangokwera pa siteji pakatha mphindi 30 kapena 40 sound imangodula. Dzulo yadula ndili pakatikati pa solo, anthu ali mkati movina, ine ndikungokanda nsambo palibe chikumveka, woimba wathu kumandiyang'ana ngati ndachitira dala. Ndinaimenya khofi pamwamba ndiye inabwerera, kenako patapita nyimbo ziwiri inadulanso. Aka nkachitatu. Loweruka likubwerali tili ndi show ina, ndigule mavalavu onse atsopano kapena vuto ndi lina?

Chingwe77: Kkkk ampu yomvera khofi ngati mwana wosamva. Pitirizani kuimenya amwene, mwapeza kale mankhwala

MayiBass: Musanathamangire mavalavu achimwene, mwayesa kusintha chingwe cha gitala? Ine ndinavutikapo miyezi iwiri ndikunamizira ampu pomwe chinali chingwe chothyokera mkati pafupi ndi jack, kunja chikuoneka chabwinobwino. Komanso mumagwiritsa ma pedal angati? Tizingwe tating'ono tolumikiza ma pedal tija ndi mfiti zenizeni.

Wamanzere: Achemwali chingwe ndinasintha pompo pa siteji, ndinabwereka cha mnzanga wa rhythm koma sizinasinthe kanthu. Ma pedal ndi atatu, tuner, overdrive ndi delay, onse amalowa kutsogolo. Kachiwiri kaja ndinawachotsa onse nkulowetsa gitala straight, inali chete basi mpaka nditaimenya.

Madala_aMavalavu: Mwana wanga, ndalama zako zisunge kaye. Anthu ambiri ampu ikangotsokomola amathamangira kugula mavalavu onse, akaika, vuto lili pomwepo. Ndiyankhe mafunso awa bwinobwino, usaganizire, ngati sunaone unene kuti sindinaone. Ikadula, kagetsi ka kutsogolo kamakhala koyaka? Ukasuzumira kumbuyo, mavalavu onse asanu amakhala akuyaka mkati? Ukayandikira khutu pa sipika pamamveka kaphokoso ka sssss kapena hmmm, kapena pamakhala zii ngati wazula pulagi? Ndipo funso lalikulu ndi ili, imadula kamodzinkamodzi ngati munthu wadina switch, kapena sound imachepa pang'onopang'ono mpaka kutha?

Wamanzere: Zikomo madala. Kagetsi kamakhala koyaka, icho ndatsimikiza chifukwa ndinkakayang'ana ndikudabwa. Mavalavu sindinaone, kunena zoona pa nthawi imeneyo mutu sumagwira. Za kudula ndikuona ngati imadula kamodzi, koma ulendo wina inakhala ngati ikupita kutali kenako kuzimiririka. Sindikudziwa ngati ndi makutu anga chabe.

WapaMixer: Ine ndifunseko za magetsi. Mumalumikiza pa extension imodzi ndi ndani? Ndaonapo kambirimbiri bandi yonse, ma power amp a PA ndi magetsi a pa siteji omwe zonse zili pa extension imodzi yaitali yawaya woonda, bass drum ikangogunda voltage imagwa. Ma ampu ena ali ndi ma relay osinthira channel ndipo voltage ikatsika kwambiri amayamba misala. Pa jenereta ndiye zimanyanya. Poti mukuti kunyumba sichita, ine ndikukayikira pamenepo.

Wamanzere: Ma show awiri anali a magetsi wamba, imodzi jenereta. Konseko inadula. Ndipo zida za anzanga sizinavute

WapaMixer: Aaa ndiye mwina si zimenezo. Koma extension yanuyanu muzikhala nayo ndithu

Chingwe77: Ndi fyuzi imeneyo. Ingoikulungani ndi kapepala konyezimira ka mu paketi ya fodya kaja, sidzavutanso mpaka kale

Madala_aMavalavu: Iwe Chingwe77 zimenezo usamalembe pano, wina akhulupirira. Fyuzi ikapsa imapseratu, sidzuka chifukwa waimenya khofi, ndiye apa fyuzi siinapse. Chimene chingachitike ndi chogwirira fyuzi kukhala cholobodoka, koma ngati ndi ya mains kagetsi kakanazimanso. Ndipo fyuzi anaiikapo kuti izifa m'malo mwa transformer. Ukaikulunga ndi chitsulo ndiye kuti tsiku limene valavu idzachite short, idzapsa ndi transformer, mwinanso ampu yonse kuyaka moto anthu akuona. Fyuzi timabwezera ya nambala yomweyo yalembedwa kumbuyo kwa ampu, ngati pali chilembo T ndiye kuti ndi slow blow, ugule yomweyo.

Chingwe77: Ndimangocheza madala pepani

Madala_aMavalavu: Tibwerere kwa mwini vuto. Kunyumba ndi pa siteji pali kusiyana kuwiri, kutentha ndi kugwedezeka. Kunyumba umaimba volume ili pa 2, pa siteji uli pa 6 kapena 7, ng'oma zili pambali, bass ikugwedeza matabwa. Combo ndiye imavutika kwambiri chifukwa sipika ili m'bokosi limodzi ndi mavalavu, chilichonse chimene sipika ikuchita mavalavu akunjenjemera nacho, ndipo ma combo ambiri mavalavu amalendewera chadodolido ndiye kutentha konse kumakwera kulowa mu chassis, bokosi lachitsulo losunga zamkati mwa ampu, pa board pomwe pali ma soketi. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikazizira chimabwerera, zaka zingapo zikatero solder imang'aluka kamng'alu koti ndi maso sungakaone. Ikazizira kamagundana, ikatentha kamatseguka. Ukamenya khofi kamagundananso kwa kanthawi. Ndiye kumva kuti khofi ikuthandiza, ine ndikuti 'penapake sipakugundana bwino', osati valavu yatha mphamvu. Valavu yokalamba sichita kudula nkubwerera, imangofooka, sound kukhala yopanda moyo, ma high kusowa, nthawi zina kuthetheka.

Tsopano yamba ndi zosafuna kutsegula. Choyamba sipika. Ampu ili yozima, yang'ana waya wochoka ku chassis kupita ku sipika, jack yake ndi timapini tiwiri tolowa pa sipika penipenipo, tigwedeze uone ngati tili tolimba. Ichi ndachiika patsogolo dala chifukwa ndi choopsa kwa ampu, ya mavalavu siifuna kuimbidwa popanda sipika. Ngati waya wa sipika ukumaduka iwe ukukhwapula nsambo pa volume yokwera, output transformer imatulutsa ma voltage okwera zedi amene amatha kuboola insulation ya mkati mwake kapena kuwotcha soketi. Ndiye ikadzadulanso usamapitirize kuimba mwamphamvu poyembekeza kuti ibwerera, ika pa standby. Ngati uli ndi mita yeza sipikayo utaichotsa pa ampu, ya 8 ohms imawerenga cha m'ma 6 kapena 7, zimenezo nzabwinobwino, ukankhe cone pang'onopang'ono ndi zala uone ngati nambala ikudumpha.

Chachiwiri, ampu yakoyo ili ndi effects loop kumbuyo, mabowo olembedwa send ndi return?

Wamanzere: Eya ilipo koma sindinaigwiritsepo ntchito chigulireni

MayiBass: Hahaha ndiye ndi imeneyotu. Madala auzeni

Madala_aMavalavu: Mwana wamkaziyu wadziwa kale. Ma jack amenewo ali ndi ka switch mkati. Pamene sunalowetse kanthu, signal yochoka ku preamp, gawo loyamba la ampu, imadutsa pa timalata tiwiri togundana mkati mwa jack nkupita ku power amp. Ndiye sound yako yonse imadalira timalata timeneto. Ukamalowetsa ndi kuzula pulagi kawirikawiri timadzipukuta tokha, koma ngati bowolo silinalowepo kanthu zaka ndi zaka timachita dzimbiri ndi fumbi. Tenga kachingwe kafupi ka ma pedal, mbali imodzi mu send ina mu return, basi. Wadumpha ka switch kaja. Ngati vuto latha wapeza wakuba. Kenako upopere contact cleaner pa pulagi, ulowetse ndi kuzula kakhumi mu bowo lililonse.

Kiyibodi_2: Koma abale chaka chino mukuvutikiranji ndi mababu otentha ngati mbaula? Gulani modeller, kachipangizo ka digito kotsanzira sound ya ampu, muzilowa straight mu mixer, yopepuka, sidula, msana suwawa. Zinthu za m'ma 1960 izi

Wamanzere: Akulu funso langa silinali limenelo kkkk. Mukadzaimva ikulira bwino mudzamvetsa

MayiBass: Kiyibodi_2 nthawi zonse nkhani ikakhala ya gitala mumabwera ndi ulaliki womwewu. Koma pang'ono mukunena zoona, kukhala ndi ka pedal ka preamp m'chikwama koti nkulowetsa mu DI, kabokosi kopititsa sound ku mixer, zikavuta ndi nzeru, show siima.

Chingwe77: Contact cleaner ndi mafuta opopera ochotsa dzimbiri pa ma bolt aja si chimodzimodzi?

WapaMixer: Ayi ase, amenewo amasiya mafuta ndipo fumbi limakakamira pomwepo, pakapita miyezi zimaipa kuposa poyamba. Gula yolembedwa kuti ndi ya zamagetsi, youma yokha. Ndipo popera ampu ili yozima, yozizira, udikire iume usanayatse.

Wamanzere: Ndabweranso. Waya wa sipika uli bwino, ndakoka ndagwedeza palibe cholobodoka, mita ikuti 6.6 ndipo siikudumpha. Za loop zija madala munalasa. Ndinayatsa ampu ndikuimba, nditangogwedeza jack ya return ndi chala kunja kwake sound inayamba kuthetheka nkudula, ndendende ngati pa show. Ndaika kachingwe, ndapopera, ndaimba ola lathunthu pa volume yokwera mpaka aneba kubwera kudzagogoda, osadula olo kamodzi. Ndikuona ngati yatheka!! Zikomo kwambiri nonse

Madala_aMavalavu: Zosangalatsa, koma usavine kaye. Mawu ako aja akundivutitsabe, unati ulendo wina inakhala ngati ikupita kutali kenako kuzimiririka. Jack yakuda sichita zimenezo, imadula ngati mpeni kapena kuthetheka. Kuzimiririka ndi nyimbo ina. Pita nayo ku practice ndi bandi yonse, uiike pomwe umaiika pa show, tiuze.

Wamanzere: Eish madala pakamwa panu. Dzulo ku practice yachitanso. Kachingwe kali pomwepo mu loop. Tinaimba mwina mphindi 50, kenako ndili pa chord sound inayamba kuchepa, kumveka ngati yonyenyeka, ngati wailesi yotha mabatire, masekondi mwina 10 kenako zii. Ulendo uno sindinaimenye, ndinaika gitala pansi nkusuzumira kumbuyo monga munanenera. Ma EL34 onse awiri amayaka bwinobwino. Timavalavu tating'ono tili ndi zivindikiro zachitsulo ndiye sindinaone. Nditagogoda pa chassis sinabwerere pompo, panapita kanthawi kenako sound inayamba kukwera yokha pang'onopang'ono. Ndafooka nazo, show ndi mawa lino.

MayiBass: Ndiye mavuto anali awiri pamodzi, mwatsoka bwanji

Madala_aMavalavu: Osafooka, apa wandipatsa zonse zimene ndimafuna. Valavu imagwira ntchito chifukwa muli kawaya kotenthetsa, heater, kamene kamatenthetsa cathode kuti itulutse ma electron. Ma heater amenewa amadya 6.3 volts. Ukayatsa ampu umadikira kaye isanayambe kulira eti? Ndi cathode ikutentha imeneyo. Ndiye heater ikaduka mwadzidzidzi sound siithera pompo, cathode imazizira pang'onopang'ono ndipo sound imapita nayo, moto ukabwerera imatenganso masekondi angapo kuti idzuke. Zimene wafotokozazi ndi zimenezo ndendende, valavu ina ikutaya moto wa heater. Ikanakhala EL34 imodzi sound sikanatheratu, ikanangochepa nkukhala yonyansa chifukwa inzake ikugwirabe, komanso waona wekha kuti akuyaka. Ndiye ndi kamodzi mwa ting'onoting'ono, kapena waya wodyetsa tonse titatu.

Tiigawe pakati ampuyo. Chotsa kachingwe ka mu loop, lowetsa gitala mu return kudzera pa pedal, yamba volume ya gitala ili pansi chifukwa ma ampu ena master siigwira pamenepo. Ukatero wadumpha preamp yonse. Ikazimiririkabe ndiye vuto lili kuyambira pa phase inverter kupita kutsogolo, imeneyo ndi 12AX7 imene nthawi zambiri imakhala pafupi ndi mavalavu akuluakulu, ntchito yake ndi kugawa signal pawiri kuti EL34 aliyense alandire gawo lake, ikafa imeneyo palibe chodutsa. Ikapanda kuzimiririka ndiye ndi V1 kapena V2, timavalavu tiwiri toyamba ta preamp. Chotsanso zivindikiro zija ampu ili yozizira, umakankha pang'ono nkupotoza, uzimitse magetsi a m'chipinda kuti uzitha kuona kuwala kwake chifukwa ma 12AX7 ena amawala pang'ono zedi.

WapaMixer: Ngati muli ndi looper jambulani ka riff muisiye izizungulira yokha, inu mukhale kumbuyo kwa ampu maso pa mavalavu. Kudikira mphindi 50 uku mukuimba uku mukusuzumira simungathe

Wamanzere: Delay yanga ili ndi looper, nzeru imeneyo. Funso lina, ndaona kuwala kwa buluu pa galasi la ma EL34, ndiye kuti akupsa?

Madala_aMavalavu: Buluu wa pa galasi alibe vuto, mavalavu ambiri abwinobwino amatero. Zoopsa ndi izi, chitsulo chachikulu chotuwa cha mkati chija, plate, chikayamba kufiira ngati khala zimitsa nthawi yomweyo, bias, muyezo wa current yodutsa mu valavu, yathawa kapena valavu yawonongeka. Kuwala kofiirira kwa pakatikati ndi heater, kumeneko nkoyenera. China, pamwamba kapena pambali pa galasi pamakhala banga lonyezimira ngati kalilole, limenelo likasanduka loyera ngati choko ndiye kuti mwalowa mpweya, valavu yatha ntchito.

Chingwe77: Ine ndinaonera kanema wina munthu akugogoda mkati mwa ampu ndi kamtengo ili yoyaka mpaka anapeza pomwe panali vuto. Wamanzere tsegulani mutero, screwdriver muli nayo

Madala_aMavalavu: Apa ndiye ndilankhule mokweza. AYI. Mkati mwa ampu ya ma EL34 muli ma volts opitirira 400 a DC, ena amafika pafupi 500, ndipo ma filter capacitor amatha kusunga moto umenewo ngakhale wazimitsa ndi kuzula pulagi. Si zogwedeza chabe zimenezo, zimaimitsa mtima. Zogogoda ndi kamtengo timachitadi, koma ndi mtengo wouma kapena pulasitiki, osati screwdriver, osatinso pensulo chifukwa graphite yolembera ya mkati mwake imadutsa magetsi, dzanja limodzi lili m'thumba, ndipo wochitayo amadziwa malo oyenera kusakhudza. Tisanagwire chilichonse timakhetsa ma capacitor kudzera pa resistor nkuyeza ndi mita kuti atsikadi. Wamanzere, malire ako ndi kunja kwa chassis. Zingwe, ma jack, kusintha mavalavu ampu ili yozula ndi yozizira, pamenepo basi. Zotsala ndi za mmisiri.

MayiBass: Ndipo poti tikunena za moto, musamadule phini la earth pa pulagi pofuna kuthetsa hum. Nsambo za gitala zimalumikizana ndi chassis ya ampu, chinachake chikalakwika mkati inu mwagwira nsambo mlomo uli pa mic, njira ya magetsi ndi inuyo.

Wamanzere: Ndamva madala, sinditsegula. Zotsatira ndi izi. Looper mu return, magetsi ozima, ine chogona pansi ngati ndikusaka khoswe. Patatha mphindi 40 ndi kanthu sound inayamba kupita, ndipo ndinaona ndi maso anga ka 12AX7 koyandikana ndi ma EL34 kakuzima, tiwiri tinato tikuyakabe. Nditakakankha pang'ono ndi chofufutira cha labala kanayakanso, sound nkubwera pambuyo pake. Ndiye ndi valavu imeneyo eti? Ndigule imodzi yokha?

Madala_aMavalavu: Wagwira ntchito yabwino. Koma sitinadziwebe ngati ndi valavu kapena mpando wake. Zimitsa, zula pulagi, dikira izizire, usinthanitse kameneko ndi ka V1, onse ndi 12AX7 ndipo ang'onoang'onowa safuna kukonza bias ukasintha. Pozula uzikoka molunjika uku ukugwedeza pang'ono kwambiri, mapini ake ndi 9 ndipo pali mpata umodzi waukulu, uonetsetse mpatawo polowetsa, osakakamiza. Ngati vuto latsatira valavu kupita pa V1, gula imodzi. Ngati latsala pa soketi yomweyo ngakhale valavu ndi ina, ndi soketi, kaya timano ta mkati tatakasuka kapena solder yang'aluka. Poti mbali zonse ziwiri za heater zikuzimira limodzi ine ndikuloza pin 9. Pa 6.3 volts, pin 4 ndi 5 amazimanga pamodzi mbali imodzi, pin 9 ndiye mbali inayo, ikangotayika imeneyo valavu yonse mdima.

Kiyibodi_2: Mpaka kudziwa nambala ya pin muli kutali, madala inu ndi asing'anga

Madala_aMavalavu: Si ula ayi, ndapsa zala zaka zambiri

Wamanzere: Ndasinthanitsa. Vuto latsala pa soketi yomweyo, valavu ina koma yazimanso, ulendo uno msanga, mwina chifukwa ndakhala ndikuigwedeza. Ndiye mavalavu anga onse ndi abwino, ndikanangotaya ndalama. Koma show ndi madzulo ano, mmisiri amene ndimamudziwa akuti aiona Lolemba. Ndingapanikize valavuyo ndi kanthu kuti igwire usiku umodzi wokha?

WapaMixer: Ndaonapo anthu akupanikiza ndi kapepala kopinda, pafupi ndi ma EL34 otentha ngati amenewo, ndinangoima patali ndi chozimitsira moto kkkk. Musatero. Bwerekani ampu kapena bwerani ndi pedal mulowe mu DI, wa pa mixer akubwezerani mu monitor.

Madala_aMavalavu: Usapite nayo. Mng'alu umene ukudutsa current umatentha ndi kuthetheka, ukaukakamiza usiku wonse ukhoza kupsereza njira ya kopa pa board, ntchito ya mphindi zochepa isanduke yaikulu. Ndipo ukudziwa kale kuti idula, ungaimbe momasuka bwanji maso ali kumbuyo? Ukapita kwa mmisiriyo umuuze zonse monga watiuzira ife, kuti imazimiririka ikatentha, kuti ndi soketi ya phase inverter, kuti wasinthanitsa mavalavu. Ukangonena kuti 'imadula' adzaiyatsa mphindi 5 pa tebulo, idzalira bwino, adzakuuza kuti ilibe vuto. Umupemphe awotcherenso ma soketi onse asanu osati imodzi yokha, chifukwa onse aona kutentha kofanana, makamaka pin 2 ndi 7 pa ma EL34 pomwe pamadutsa heater, aliyense amakoka 1.5 amps pomwe ka 12AX7 kamangokoka 0.3. Ayang'anenso ma screen resistor, pa ma EL34 kawirikawiri amakhala a 1k, ngati asintha mtundu kapena kung'aluka asinthidwe. Ndipo poti yatsegulidwa kale ayeze bias.

MayiBass: Ine ampu yanga yachiwiri ndi ya bass, ikanakhala ya gitala ndikanakubwerekani. Koma mnzanu wa rhythm uja alibe ina?

Wamanzere: Ali ndi ka transistor kakang'ono ka practice, tikaika mic kutsogolo. Kiyibodi_2 musaseke

Kiyibodi_2: Ndaseka kale

Chingwe77: Funso langa lenileni tsopano, osati zocheza. Yanga ndi head ndi cabinet, ampu payokha bokosi la sipika palokha, ndimalumikiza ndi chingwe cha gitala chifukwa cha sipika chinatayika, ndipo jack yake imatentha. Nzoopsa?

Madala_aMavalavu: Siya lero lomwe. Chingwe cha gitala kawaya ka pakati nkoonda ngati tsitsi, anakapangira signal yochepa zedi, osati mphamvu yoyendetsa sipika. Chimatentha, chikhoza kusungunuka mkati nkuduka kapena kugundana, ndipo chikaduka uli pa volume ndi nkhani ija ndanena ya output transformer. Mapulagi amafanana koma zingwe nzosiyana, cha sipika chili ndi mawaya awiri onenepa opanda shield. Uonenso kuti ma ohms a kumbuyo kwa head akufanana ndi a cabinet, 8 ku 8, 16 ku 16.

Chingwe77: Chabwino ndasiya. Lero ndadzudzulidwa katatu pa gulu limodzi

Wamanzere: Ndabwera ndi lipoti. Show ya Loweruka tinaimba ndi ka transistor kaja, sound inali yowuma ngati chikuni koma sinadule, anthu sanadziwe nkomwe, zinangondiwawa ine ndekha. Lolemba ndinapita nayo kwa mmisiri, ndinamuwerengera zonse za pano. Poyamba amaoneka ngati sakukhulupirira kuti woimba gitala angamuuze pin, koma atatulutsa chassis nkuyang'ana ndi galasi lokulitsa anandiitana kuti ndione, kuzungulira mwendo wa soketi panali kamzere kakuda kozungulira ngati mphete, solder yasiyana ndi mwendo. Pin 9 madala!! Anapezanso ina iwiri yoyamba kung'aluka pa soketi ya EL34 imodzi. Wachotsa solder yakale nkuika yatsopano pa ma soketi onse, wafinya timano ta mkati, jack ya return wangoisintha chifukwa kalata kake kanali katafooka. Screen resistor akuti ali bwino. Bias inali yotentha pang'ono, waitsitsa.

Madala_aMavalavu: Eyaa. Anaiyesa nthawi yaitali bwanji asanakupatse?

Wamanzere: Maola awiri ndi looper yanga yomwe ija, uku akuigogoda ndi kamtengo. Dzulo practice maola atatu ndi ng'oma, osatsokomola. Wandiuzanso kuti ndisamaigunditse kukhoma kuti mpweya uzidutsa kumbuyo, ndiponso ndizidikira izizire ndisanainyamule tikamaliza, ine ndinkangozimitsa nkuiponya m'galimoto ili moto.

MayiBass: Ndipo musiye kuimenya

WapaMixer: Muziyenda ndi 12AX7 imodzi yapadera, ma fyuzi a nambala yake, ndi tochi. Tochi ndi imene anthu amaiwala, kumbuyo kwa siteji kumakhala mdima ndipo foni imakhala yatha moto nthawi yomwe mukuifuna

Wamanzere: Zonse zalowa m'chikwama. Kachingwe ka mu loop ndakasiya pomwepo ngakhale jack ndi yatsopano, mtima sukundilola kukachotsa. Madala, ma EL34 amenewa ndakhala nawo zaka zitatu, ndiwasinthe liti?

Madala_aMavalavu: Akadzayamba kufooka udzamva wekha, bass kulobodoka, volume kuchepa, kapena fyuzi ya HT, ya ma volts okwera aja, kumapsa. Ukadzasintha ugule awiri a matched pair ndipo bias iyezedwenso, si ongozula nkubaya ngati ang'ono aja. Panopa mmisiri wako wawayeza ndipo akugwira, asiye. Chingwe77, chingwe cha sipika chija wagula?

Chingwe77: Mawa madala

Madala_aMavalavu: Ndiye mpaka mawalo head imeneyo isayake